Tsiku Limene Bambo Anaphika Chidede

Ndikukumbukira Okutobala wina ku Kabwata, malata akuthetheka ndi dzuwa. Amayi anali oyembekezera, ndipo malungo anawagwira koopsa. Chilichonse chimene adya chinkabwerera. Anaonda mpaka mphete inkavuka yokha pachala, ndipo kukiliniki anatiuza kuti akapitiriza chonchi, mwana wa m'mimbayo sakhala.

Tsiku lina amayi anandiitana ndi mawu otsika. "Mariamu, mtima wanga ukufuna chidede chozizira, chonga cha kwathu ku Machinga."

Bambo anali telala, munthu woti chibadwire sanagwirepo mthiko. Atamva zimenezi anaimitsa makina, n'kuvala kofia yawo, n'kundigwira dzanja. Chidede chouma tinachipeza kumsika mosavuta. Nkhani inali pa shuga. Masiku amenewo ukaona mzere unkayamba waimapo, kenako n'kumafunsa chimene chikugulitsidwa. Tinaima mpaka miyendo kuuma, koma tikuyandikira pakhomo la shopu, shuga anatha.

Bambo sanagwe ulesi. Anakoleza mbaula kuseri kwa nyumba, n'kuthira timaluwa tofiirato m'madzi owira. Kafungo kowawasa kanafika mpaka kumsewu. Sefa anaifunafuna osaipeza, ndiye anatenga sizasi n'kudula nsalu yoyera imene ankasungira mkanjo wawo wa pa Idi. Madziwo anatsika m'jagi ali psuu! Atalawa, nkhope yonse inakwinyika ngati malaya osasita.

Apo n'kuti Ba Na Chanda, mayi wa ku Kasama amene tinkayandikana naye, akusuzumira pampanda wa waya. Iwo ndi amayi anali asakulankhulana chikanganirane za chingwe choyanikira zovala.

"Ba Tela, muphika chani? Iyo ni lumanda, ni ndiwo. Nindani amamwa ndiwo?"

Bambo anawafotokozera, maso ali pansi. Mayiwo analowa m'nyumba mwawo, n'kutuluka atabisa kapu ya shuga m'chitenje.

"Letani jagi niyike mu fuliji. Koma musauze bantu ati nili na shuga."

Dzuwa litapendeka mayiwo anabweretsa okha jagiyo, ili thukuta kunja konse, ndipo anapitirira mpaka kuchipinda. Anawadzutsa amayi, n'kuwagwirira kapu pakamwa. Amayi anamwa pang'onopang'ono, maso ali otseka. Ine ndinali nditagwira beseni, kuopa kuti asanza. Beseniyo sinagwire ntchito. Patapita kanthawi anapempha china, ndipo m'mawa mwake anadya phala.

Mlongo wanga Yusufu anabadwa mvula ili pakati.

Lero ndimakhala ku Chelstone. Fuliji ndili nayo, shuga ali mbwee m'mashopu, chidede amachigulitsa m'timapaketi tokongola ngati mankhwala. Koma mpanda wanga ndi wanjerwa, wautali kuposa munthu, ndipo a nyumba inayo sindiwadziwa ndi dzina lomwe. Ndimaphikabe chidede kukatentha. Yusufu, amene pano ndi bambo wa dazi, akabwera kudzacheza ndimamuthirira kapu yodzaza. Amangoinunkhiza, n'kuikankhira pambali. Akuti n'chowawasa.