Galu wa chipumi chobiriwira

Bambo anga anandichenjeza ndili mtsikana kuti chimene walembetsa m'buku si chakonso. Iwo anabwera kuchokera ku Malawi kudzagwira ntchito pamgodi, ndipo ankati munthu wa cholembera akakufunsa kuti uli ndi chiyani, uziyankha kuti uli ndi chifuwa. Mawu amenewo ndakalamba nawo muno mu Chililalila. Ana anga anapita kutali, adzukulu amandikumbukira pafoni. Makiyi anga ndimawamanga pakona ya chitenje.

Amene ndimakhala naye ndi galu. Sindinamupatse dzina, chifukwa galu wa dzina amaitanidwa ndi aliyense. Ndi wofiirira, khutu limodzi logwa. Kale ndikangotsegula chitseko m'mawa, ankathamangira kumsewu kwa mayi wina wokazinga zitumbuwa, kukadikira zopserera. Ine ndi mayiyo sitinali paubwenzi, mafunso amachulutsa. Koma tsiku lina malungo atandigoneka, galu osatuluka, ndi iye amene anabwera kudzagogoda ndi supuni yake m'manja. Ndinamuyankhira pawindo.

Kenaka agalu osokera anachuluka. Ena ankati akuchokera kukomboni ya Makululu, a ku Makululu ankati ndi athu. Anadya nkhuku za bambo wina woweta zogulitsa, ndipo wina analuma mwana wa sukulu pamwendo. Anthu anayamba kutchula chiwewe. Woweta nkhuku uja sanadikire munthu, anatchera makhwekhwe a waya m'mipata yonse ya mpanda wake. Loweruka lotsatira tcheyamani wa dera lathu anaitanitsa msonkhano pabwalo la mpira. Ine ndinakhala kumbuyo, pomwe umaona onse koma iwo osakuona.

"Waya wanga wagwira agalu awiri. Inu mwagwira angati ndi pakamwa panu?" anatero woweta nkhuku.

Mayi wa zitumbuwa anaimirira. "Wagwiranso mphaka wanga. Mawa ugwira phazi la mwana. Manje mudzati mwanayo anabwera kudzaba nkhuku?"

"Mphaka wanu ankafuna chiyani kumpanda kwanga, bamayo?"

"Ankafuna kuona ngati muli ndi nzeru. Sanazipeze."

Anthu anaseka, tcheyamani n'kumenya tebulo ndi botolo la madzi. Ena ankafuna kuti agalu onse oyendayenda aomberedwe. Mtsikana wina wobadwira m'tauni momwemuno, wosakaniza Chibemba ndi Chingelezi polankhula, anati pakhale khola lachitsulo lokhala ndi chitseko chogwa chokha, galu agwidwe wamoyo, mwini wake abwere adzayankhe. Anakangana mpaka dzuwa linatentha m'mitu. Pomaliza anagwirizana kuti waya uchotsedwe, khola liwotcheredwe, galu aliyense abayidwe katemera ndi kulembedwa m'buku. Wogwidwa m'khola wopanda chizindikiro cha katemera, mwini wake osaoneka, ndiye kuti wapita.

Nditamva za buku, ndinamva mawu a bambo anga.

Tsiku la katemera ndinapita ndekha, galu nditamutsekera m'nyumba. Ndinaima patali. Ndinaona kuti galu akabayidwa, mwini wake amalembedwa dzina, kenaka galuyo amamupaka kadontho ka utoto wobiriwira pachipumi. Ndinati m'mtima, nkhani yonseyi ndi utoto basi? Kunyumba ndinali ndi kachitini ka penti yotsala pachitseko, yobiriwira ndithu. Ndinaviika chala n'kumudinda galu wanga pakati pa maso. Anayetsemula, n'kupita kukagona.

Chimene sindinadziwe n'chakuti utoto wawo unali wosakhalitsa. Patatha masabata awiri, agalu onse anali ndi zipumi zawo zakale. Wanga yekha ankayenda ndi dontho lonyezimira ngati chitseko chatsopano. Ndinayesa sopo, ndinayesa parafini, galu n'kundithawa.

M'mawa wina galu sanabwerere kuchokera kumsewu. Amene anabwera ndi mayi wa zitumbuwa, akupuma mofulumira. "Ambuya, bwenzi lanu lili m'khola. Lalowera matumbo a nkhuku."

Ndinamupeza atakhala phee m'kati, anthu atazungulira. Tcheyamani anali ndi buku m'khwapa.

"Ambuya, uyu katemera wake anamubayira kuti? Kuhadiweya kogulitsa penti?" anandifunsa.

Woweta nkhuku anaseka mpaka kugwira mawondo. Ine ndinati galuyo sindikumudziwa bwino. Galu atamva mawu anga anayamba kumenya zitsulo ndi mchira.

"Iye akukudziwani," anatero tcheyamani. Kenaka anatsitsa mawu. "Mayi, mukapanda kumulembetsa lero, ndilibe pomubisa. Mukudziwa zimene tinagwirizana."

Ndinayang'ana buku, ndinayang'ana khutu logwa lija. Ndinatenga cholembera. Ndinalemba dzina langa. Pamzere wa dzina la galu ndinasiya popanda kanthu, ndipo palibe anandikakamiza. Anamubaya masana omwewo, ine nditamugwira mutu.

Sanandilande galu, apo bambo anga sanalondole. Koma lamulo linatinso galu azikhala pakhomo, womangidwa kapena m'mpanda, ndipo ine mpanda ndilibe. Tsopano ali pa tcheni pansi pa mtengo wa mango. Kumsewu sapitanso.

Mwezi watha msana unandigwira ndikudzuka. Ndinagona pansi pafupi ndi bedi, dzuwa likukwera pakhoma mpaka linafika pakalendala. Galu anauwa mpaka mawu anasasa. Koma masiku ano agalu onse a mu Chililalila ali pamatcheni ndipo onse amauwa, ndani angasiyanitse? Mayi wa zitumbuwa sanadabwe kusamuona, poti samuonanso tsiku lililonse. Ndinadzikoka ndekha mpaka pachitseko.

Ndiye inu amene mwawerenga izi, ngati njira yanu imadutsa kwathu kuno, nyumba yake ndi ya chitseko chobiriwira, pali mango ndi galu wa khutu limodzi logwa. Penti inatha pachipumi, musaifune. Mukaona dzuwa lakwera chitseko chili chotseka, gogodani. Musalowe, ndipo musandifunse kuti ndili ndi chiyani. Ndikayankha pawindo, pitirizani ulendo wanu. Ndikapanda kuyankha, kaitaneni mayi wa zitumbuwa. Kiyi winayo ndinamupatsa sabata yatha, ngakhale ndimamuyang'anitsitsabe.