Mayi Wiesława, Wofufuza Chibale cha Tizilombo

Mayi Wiesława Kordas ankafuna udokotala wa ana, koma tsiku loyamba kuona mwana akubayidwa jakisoni anakomoka ndi iwo, mwanayo ali phee. Ndi mmene anapezekera mu labotale ya chipatala china cha ana ku Wrocław, ndipo sanadandaulepo. Ntchito yawo inali yowerenga chibadwa cha tizilombo pa makina, kuti adziwe ngati kachilombo ka wodwala uyu n'kapachibale ndi ka uyo.

Chaka china m'nyengo yachisanu, ana angapo amene anali atangoikidwa chiwindi china anayamba kutentha thupi ndi kutsegula m'mimba. Ana otere mankhwala amawafooketsa chitetezo, choncho madokotala anatseka wodi. Makolo ankangoonera pagalasi.

Halina, nesi wa m'wodimo, anatsikira ku labotale ndi timabotolo ta zoyeza za anawo.

"Achemwali okomoka, ndakubweretserani alendo."

"Iwe, nkhani yakalekale imeneyo sudzaiiwala?"

"Mpaka kumanda! Koma chitani changu. A Zenon, bambo ake a Jagoda, kamwana ka m'wodi mwathu, asiya kudya. Akuti matendawa anabweretsa ndi iwo, poti anabwera ali ndi chimfine."

Mayi Wiesława anaika pambali zina zonse. Makina atamaliza, anayerekeza kachilombo ka mwana aliyense ndi ka mnzake, kenaka ndi ka a Zenon. Panalibe chibale. Mwana aliyense anali ndi kakekake, kamene kanagona m'thupi kuyambira kale n'kudzuka chitetezo chitatsika.

Atauza madokotala, anakwera okha kukafuna bambo aja. Anawapeza pabenchi, atazolika.

"Bambo, si inu ayi. Chimfine chanu n'cha mtundu wina. Palibe mwana amene mwamupatsira."

"Mukunena zoona, mayi, kapena mukungonditonthoza?"

"Zotonthoza sindizitha. Funsani Halina."

A Zenon anaphimba nkhope ndi chipewa, mapewa akugwedezeka.

Sabata yomweyo makolo analoledwanso kulowa, atavala zotseka pakamwa. Ana ena anachedwa kuchira, koma Jagoda anapita kwawo mitengo itangoyamba kuphuka.

Masiku ano Mayi Wiesława akadali mu labotale momwemo. Loweruka amapita kukadimba kawo kukapalira nkhaka ndi tomato. A Zenon amayendetsa sitima ya m'tauni yodzera komweko, ndipo akawaona pamsewu amaliza belu mpaka anthu kucheuka. Mayiwo amangokweza dzanja, manyazi ndi chimwemwe zili pamodzi.