Jekete Lakuda la Alamu

Achemwali anga ndi telala, ndipo mumsewu mwathu aliyense amawatchula Mayi Singano. Dzinali silinabwere chifukwa cha ntchito yokha ayi, pakamwa pawonso pamabaya. Kashopu kathu kali m'mbali mwa msewu waukulu. Muli makina awiri, galasi long'aluka pakona ndi tebulo lomwe ine ndimasitirapo zovala. Mbali yathu magalimoto saloledwa kuima, choncho kasitomala wa galimoto amaimika tsidya linalo n'kuwoloka wapansi.

Alamu anga, amuna a achemwaliwo, anali mlonda pa sitolo ya matayala tsidya lomwelo. Ankawoloka tsiku lililonse seveni ya madzulo ikangodutsa, botolo la tiyi kukhwapa. Nyengo yozizira itafika, achemwali anawasokera jekete lakuda, lokhuthala, la matumba anayi, poti bambo aja ankakonda kutola timisomali ndi tizingwe topanda ntchito. Mwezi womwewo akhonsolo anayamba kuchepetsa mphamvu ya magetsi a mumsewu ikakwana seveni, akuti kupulumutsa magetsi. Mababu sankazima ayi, ankangofiira ngati makala otsala pang'ono kutha. Zimenezo n'zoipa kuposa mdima weniweni, chifukwa dalaivala amathamanga poganiza kuti akuona pomwe sakuona.

Lole ya simenti inawagunda alamu pakati pa msewu. Dalaivala wake analira ngati mwana, kulumbira kuti sanaone munthu, ndipo ine ndinamukhulupirira.

Amene sindinamukhululukire ndi bwana woyang'anira magetsi a mumsewu. Titapita kuofesi kwake kukadandaula, anatiyankha maso ali pa foni.

"Magetsi aja ndi okwanira, mayi. Vuto anthu inu mumavala zakuda usiku. Malemuwo anavala chiyani?"

Achemwali, omwe sagonja pa mkangano, tsiku limenelo anangonyamuka n'kutuluka. Jekete lija anasoka ndi iwo. Apolisi atalibweza analipinda n'kuliika m'kabati ya ulusi, ndipo chaka chathunthu sanakhudzenso nsalu yakuda. Makasitomala obwera ndi nsalu zakuda ankabwerera pakhomo. Usiku ankandidzutsa n'kundifunsa, "Iwe, ndikanagula nsalu yoyera, si bwenzi ali moyo?" Zinkandiwawa kwambiri. Bwana uja ndinkamufunira zoipa, sindibisa.

Ndiye Lachiwiri lina masana, bwana yemwe uja analowa mushopu mwathu, masuti atatu pamkono. Mimba inali itakula, mabatani akukana kukumana. Wina anamuuza kuti wodziwa kukulitsa suti ndi Mayi Singano. Sanatizindikire n'komwe. Anthu ngati amenewo amaiwala nkhope yako usanatseke chitseko.

Achemwali anamuyeza ndi tepi mwaulemu wonse, mpaka ine kudabwa.

"Mubwere Lachinayi hafu seveni madzulo, bwana. Masana ndimakhala ndi mayunifolomu a sukulu."

Mayunifolomu ake ati! Masuti aja anatha mawa lake lomwelo.

Lachinayi madzulo anazimitsa babu la pakhonde n'kukhala pawindo, manja pamiyendo. Bwana anaimika galimoto tsidya lija, natuluka mu suti yake yakuda ya kuofesi. Anaima m'mbali mwa msewu nthawi yaitali, akuponya phazi n'kubweza. Ndinawayang'ana achemwali. Sindinawafunse chomwe ankafuna chichitike, chifukwa yankho lake ndinkaliopa. Kenako bwana anadutsa chothamanga, mimba patsogolo, mahutala kumbuyo.

"Pepani bwana, batani limodzi latsala. Mubwere Lolemba, nthawi yomweyi."

Lolemba anawolokanso, thukuta kamukamu, achemwali n'kumuuza kuti thalauza limodzi sanalipinde kumiyendo. Ndinayamba kuchita mantha. Ndinawauza achemwali kuti zakwana, munthuyu akafa tidzanena chiyani?

"Usandiuze zochita iwe," anandiyankha. "Sita malaya."

Ulendo wachitatu bwana anabwera atachenjera. Tinamuona akuvula jekete n'kulisiya m'galimoto, n'kutsala ndi shati yoyera mbee. Anawoloka mwamatama, dzanja m'mwamba ngati wapolisi. Minibasi inatulukira pakona ili pa liwiro. Mabuleki analira, galasi la m'mbali linamukwapula paphewa, iye n'kugwa chogwada, nsapato imodzi uko. Kondakitala anamutukwana kaye, minibasi n'kupitirira.

Analowa mushopu akutsimphina, bondo la thalauza litang'ambika.

"Akanandipha! Sanandione n'komwe!"

"Magetsi aja ndi okwanira, bwana," anatero achemwali mofatsa. "Kapena munavala zakuda."

"Zakuda zake ziti? Shati iyi simukuiona? Pamsewu pajapa ngakhale utavala zoyera bwanji, dalaivala sangakuone!"

"Mwati bwanji? Makinawa anandigonthetsa makutu."

Anabwereza, mokuwa kuposa poyamba.

Achemwali anatsegula kabati ya ulusi, natulutsa jekete lija, naliyala patebulo langa. Phewa lake linali long'ambika mpaka kumsana, fumbi la simenti likadali m'misoko. Bwana analiyang'ana, nayang'ana achemwali, kenako ine. Ndinaona pankhope pake kuti wakumbukira.

"Munandifunsa kuti malemu anavala chiyani. Ndi ili. Ndinasoka ndine."

Anamupatsa masuti ake onse atatu, osita bwino, nam'tsegulira chitseko. Bwana anaima pakhonde, nsapato imodzi kuphazi, akuyang'ana galimoto yake kutsidya kwa mababu ofiira aja.

"Mayi, mulibe tochi?"

"Amuna anga analibe," anatero achemwali, n'kutseka chitseko.

Usiku umenewo sanandidzutse. M'mawa anandituma kukagula mamita asanu a nsalu yakuda.