Chingwe cha tsabola

Mkazi wanga ndiye anayamba ntchito yosunga ana pakhomo pathu ku Mnkhanya. Ine ndinalowamo chaka chimene ulonda wanga pa loji ya alendo oona nyama unatha. Ana anali asanu ndi atatu, ambiri a aphunzitsi ndi anamwino ochokera kutali, opanda abale kuno owasiyira. Ankafika seveni koloko, n'kutengedwa dzuwa litapendeka. Iye ankaphika ndi kuwasambitsa. Ine ndinkayang'anira pabwalo.

Panali kamnyamata ka zaka zinayi. Sikankamenya anzake, sikankaliralira. Kankangothawa. Ukangowerama kutola kapu, kapita. Kuseri kwa nyumba yathu kuli mitengo ya mango, ndipo kupitirira apo kuli kanjira kopita kudambo. Mango akapsa mu Novembala, njovu zimadutsa m'kanjirako ngakhale masana. Mpanda wathu ndi waudzu. Ndikatseka pamene watulukira, mawa lake wakankha udzu pena. Kawiri ndinamupeza pansi pa mitengoyo. Kachitatu ndinamupeza m'kanjira muja, akutokosa ndi kamtengo ndowe ya njovu yofuka nthunzi.

Madzulo amenewo ndinalankhula ndi amayi ake, namwino wa pakiliniki.

"Amayi, mwanayu akuthawira kudambo. Tithandizane, mukamuuzeko kunyumba."

"Kunyumba sathawa," anatero maso ali pafoni. "Kaya pano mumamutani."

Atate ake ankayendetsa alendo oona nyama. Nditawauza, anaseka.

"Madala, si inu munali mlonda? Kamwana aka kakugonjetsani? Koma musamukhudze, ameneyu samenyedwa."

Ndinawapempha kuti abwere Loweruka adzaone okha kanjirako. Anavomera. Sanabwere.

Alimi kuno amazunguliza minda ndi chingwe chopaka tsabola wosinja wosakaniza ndi oyilo wakale wa injini. Njovu ikamva fungolo imabwerera. Ndinapempha zotsala kwa mnzanga wina wolima chimanga, ndinapaka chingwe, n'kuchimanga kunja kwa mpanda, kuchokera pamtengo wina kufika pa wina. Mkazi wanga atafunsa, ndinati n'cha njovu. Anachiyang'ana nthawi yaitali.

"Atate ake a ana, chingwe cha njovu amamanga cha m'phewa."

Changa chinali cha m'mawondo. Ndinkaganiza kuti mwana uja akachigwira kamodzi, chimuwawa pang'ono m'manja, ndipo basi adzaopa. Ndinali nditaganizira manja okha.

Tsiku lachiwiri kunatentha kwambiri. Ndinkamanga nsapato ya mwana wina pamene ndinamva kukuwa. Mwana wothawa uja anali atagwira chingwecho ndi manja onse awiri kuti adutse pansi, kenako anapukuta thukuta kumaso. Ndinamupeza akugubuduzika m'fumbi, akudzikanda m'maso, ndipo akamakanda ndiye kumawonjezera. Tinamuthira madzi, tinamuthira mkaka. Zikope zinatupa mpaka kutsekeka. Mkazi wanga anamubereka kumbuyo, ine ndinapalasa njinga.

Amene anatilandira pakiliniki anali amayi ake. Anamutsuka okha maso. Anandifunsa funso limodzi lokha, loti m'masomo mwalowa chiyani. Ndinawauza. Sanandiyang'anenso.

Atate ake anafika pakhomo pathu dzuwa lisanalowe.

"Ndionetseni chingwecho."

Ndinawatengera kuseri. Anaima pafupi nacho. Chinawalekeza m'bondo.

"Njovu zanu n'zazifupi, madala."

Ndinafuna kunena za ndowe ija, za Loweruka limene sanabwere. Zonsezo zinali zoona, koma chingwe chinali pomwepo pakati pathu.

Maso a mwanayo anapola patapita masiku angapo. Sanabwerenso kwathu. Nkhani inayenda pachitsime ndi kutchalitchi, ndipo sabata isanathe makolo ena asanu anatenga ana awo. Awiri otsalawo mkazi wanga anawabweza yekha. Anatsuka timakapu, anapinda mphasa, n'kuika zonse pamwamba pa kabati. Sanandikalipire. Ntchitoyo anaiyamba yekha ndi mphasa imodzi ndi poto mmodzi, ndipo mpaka lero sitinaikambepo.

Makolo a mwana uja anafunafuna kwina. Palibe anamulandira, chifukwa mbiri yake yothawa inayenda limodzi ndi mbiri ya chingwe changa. Mtsikana wantchito amene makolowo anamulemba anakhala masiku ochepa n'kuchoka. Choncho anayamba kumutsekera m'nyumba. M'mawa amamusiyira mbale ya chakudya ndi wailesi yakanema ikulira, amakhoma loko, ndipo amayi ake amakamuona masana akapeza mpata.

Nyumba yawo ili m'mbali mwa msewu wopita kumsika, ndipo njira ina kulibe. Tsiku lina ndikudutsa panjinga ndinaona timanja titatulukira pakati pa zitsulo za pawindo. Anandizindikira.

"Ankolo! Ankolo, nditsegulireni!"

Ndinatsika panjinga, ndinaima pamsewu. Kiyi ndinalibe, ndipo pakhomo pamenepo sindinali munthu woti n'kupondapo. Ndinamuuza kuti amayi ake abwera posachedwa. Anapitiriza kuitana. Ndinakweranso njinga.

Chingwecho ndinachimasula n'kuchitentha. Njovu zinabwera chaka chimenecho monga mwa nthawi zonse, zinadya mango, zinagwetsa mpanda wakuseri. Sindinaukonze. Panalibenso mwana woti atulukirepo.