Mayi wa M'foni wa pa Jenda

Ngati munagulapo tomato pa Jenda basi itaima, mwina mawu a Esme Hara munawamva. Ife timawatchula NyaHara. Benchi yawo inagundana ndi yanga, ine mlendo wa ku Ntcheu amene ndinatsatira bambo a kunyumba atawatumiza kudzaphunzitsa kuno. Enafe timakuwa mpaka kusasa mawu pamawindo a basi, koma NyaHara ankangoti "Tomato, mama," munthu n'kutembenuka ngati amutchula dzina.

Amuna awo ankacheka matabwa ku Chikangawa mpaka chifuwa chinawatenga. Anawasiyira mwana mmodzi, Chawanangwa, ndipo tomatoyu ndi amene anamulera. Chawa atakula anakwatiwa ndi Bestone wa kufupi ndi Edingeni, ng'ombe za malowolo zinaperekedwa bwinobwino, ndipo monga achitira anyamata ambiri a kuno, Bestone anakwera basi ya ku Joni kusiya mkazi ali ndi pakati.

Chaka chomwecho kunabwera anthu a kafukufuku ochokera ku yunivesite ina ya kunja. Ankafuna kudziwa ngati amayi oyembekezera angamafike kuchipatala nthawi yabwino foni itamawakumbutsa. Chomwe ankasowa ndi mawu, Chitumbuka cha kumudzi chimene mayi angachimve ngati cha mnzake. Justus, mnyamata amene ankawatsogolera kuno, anadzagula anyezi tsiku lina, n'kumva NyaHara akuitana kasitomala. Nkhani inathera pomwepo. Anawajambula mawu m'galimoto yotseka mawindo, thukuta lili kamukamu, akubwereza uthenga wa mwezi uliwonse wa mimba ndi wa mwana akabadwa. Anabwerako akuseka, akuti moyo wawo wonse sanauzidwepo kuti ayankhulenso chifukwa nkhuku yalira.

Kenaka mayina a midzi anawaponya m'chidebe n'kuchita mayere. Theka la midzi lizilandira uthenga, theka lina lizingofunsidwa mafunso. Akuti popanda midzi yosalandira sangadziwe ngati uthengawo ukugwira ntchito. Mwina n'zoona, ine sukulu imeneyo sindinaifike. Mudzi wa Chawa unagwera kosalandira. Anamulemba nambala ya foni ndi mwezi wa mimba yake, anamufunsa mafunso, n'kumusiyira sopo.

Kumidzi yolandira zinthu zinasintha ndithu, ndipo chifukwa chake a kafukufuku sanachiyembekeze. Kuno mkazi wokwatiwa sangodzuka n'kupita kuchipatala. Mwamuna ali ku Joni, mawu ali ndi apongozi, ndipo apongozi samva za mtengwa. Koma foni ikayamba ndi kanyimbo kake, kenaka mawu odekha aja, agogo ankasiya kusenda chinangwa n'kutchera khutu. Ankati achipatala anena. Amayi ena ankafika pamsika kudzangowaona NyaHara, ana ali kumbuyo, n'kumalozerana kuti mayi wa m'foni ndi ameneyu. Tinkawaseka kuti posachedwa atisiya, azikagulitsa tomato pa wailesi.

Nthawi yokolola NyaHara anapita kukaona mwana wawo. Anamupeza mapazi atatupa moti patapata sankalowa, nkhope itafufuma, akudandaula mutu ndi kuona chimbuuzi. Zizindikiro zimenezi anazibwereza okha m'galimoto muja mpaka kuziloweza, ndipo uthengawo unkatha ndi mawu akuti musadikire mawa. Anakhala pansi ndi amake a Bestone, amene kuno amatchulana nawo kuti asebele, n'kufotokoza zonse mwaulemu. Mayiwo anamvetsera mpaka kumapeto.

"Yewo chomene asebele, mwatiyendera," anatero. "Koma ng'ombe zinalowa m'khola la kwanu. Mwanayu ndi wathu tsopano. Kutupa tonse tinatupapo. Mbwenu Bestone akaimba, tiona."

Sanali munthu woipa mtima, ndiyenera kunena. Chimanga chinali m'munda, manja anali ochepa, ndipo iwo anabereka ana awo onse m'nyumba. Foni ya Bestone inali isakupezeka. Chawa naye, powaperekeza amake kumsewu, anawapempha kuti asamuyambanitse ndi eni mudzi, iye ndi amene atsale nawo.

NyaHara sanafikire pamsika. Anapitirira mpaka ku Mzimba boma kumene a kafukufuku ankachita lendi kanyumba. Ine ndinawaperekeza ulendo wachiwiri, nditaona kuti woyamba abwerako maso ali psu. Mayi wamkulu uja anagwada pamaso pa mnyamata wa msinkhu wa mwana wake.

"Ndapota, mwana wanga. Nambala imodzi yokha. Mawu ndi anga omwe, ingowatumizani kwa mwana wanga."

Justus anawadzutsa mwamanyazi. Anafotokoza kuti kompyuta yotumiza uthenga ili kunja ndipo iye alibe mphamvu pa iyo, kuti mudzi wosalandira ukalandira ndiye kuti ntchito yonse yawonongeka, ndipo amayi ambirimbiri a mtsogolo ndi amene angaluze. Anawalangiza kuti amutengere Chawa kuchipatala msanga, ngati kuti iwo sankadziwa. Anaimbiranso mlangizi wa zaumoyo wa dera lija, koma anapezeka kuti ali ku maphunziro ku Mzuzu. Nthawi yonseyi mnyamatayo ankayang'ana pansi. Ndikudziwa kuti sanali wankhanza, koma mpaka lero ndikamuona mtima umandiwawa.

Titabwerera NyaHara anabwereka foni yanga, poti nambala yake kumudzi kuja sankaidziwa. Anabisala kuseri kwa matumba a anyezi, anaimbira Chawa n'kumuuza kuti akweze mawu apongozi ake amve. Kenaka anayamba kuyankhula ndendende ngati m'galimoto muja, pang'onopang'ono, ngati munthu wachilendo. Zinkayenda. Koma pa Jenda ndi pa Jenda. Basi inaliza hutala, kondakitala n'kukuwa za Kasungu, ndipo kumbali inayo kunamveka mawu a amake a Bestone akufunsa kuti kanyimbo kaja kali kuti, poti uthenga weniweni anaumvapo pamaliro kumudzi wina. Kenaka anati, "Asebele, mwayamba kutinamiza?" Foni inaduka. NyaHara anandibwezera foniyo, ndipo tsiku limenelo sanagulitsenso kanthu.

Anakonza zoti Loweruka akamutenge mwana wawo ndi dzanja, ukwati uthe ngati ukutha. Loweruka silinafike. Chawa anagwa masana akutonola chimanga pakhomo n'kuyamba kuphupha. Anamunyamula pa ngolo mpaka kumsewu. Kuchipatala anapulumutsa khanda, mwana wamkazi, koma Chawa sanadzukenso.

Anamuika kumudzi kwa mwamuna wake, monga mwa mwambo, ndipo khandalo linatsala komweko. NyaHara anabwerako ndi zitenje zingapo ndi foni ya Chawa, poti anamugulira ndi iwo. Pamsika anabwerera, chifukwa njala sidziwa kuti uli pa maliro, koma kuitana makasitomala anasiya. Ankangokhala, tomato n'kumafewa padzuwa. Ine ndinkawagulitsira wina ndikamaliza wanga.

Kafukufuku atatha kunachitika msonkhano ku boma, wa zakumwa zoziziritsa kukhosi ndi zithunzi pakhoma. Anati uthenga wathandiza kwambiri, amayi a midzi yolandira ankafika kuchipatala nthawi yabwino, ndipo nkhaniyi ilembedwa kuti mayiko ena aphunzirepo. NyaHara anawaimiritsa n'kuwaombera m'manja. Pomaliza analengeza kuti, pofuna chilungamo, tsopano midzi yosalandira ija iyambanso kulandira.

Palibe amene anaiuza kompyuta za maliro. Iyo inkangodziwa nambala ndi mwezi. Masana ena tili pabenchi, foni ya Chawa inalira pamfundo ya chitenje cha NyaHara, pamene ankaisunga ili ndi moto nthawi zonse. Kanyimbo kanayamba, kenaka mawu awo omwe, osalala ngati kale: "Monire mama. Mwana wanu wakula tsopano, nthawi ya katemera wa chikuku yakwana. Nanga inuyo mukupeza bwanji m'thupi?"

Ine ndinapsa mtima. Ndinati tipite kwa Justus lero lomwe akafufute nambalayo, anthu amenewa atikwana. NyaHara anaimvetsera mpaka inatha, n'kuimangiriranso pachitenje.

"Ayi, isiyeni," anatero. "Ndi yokhayi imene ikuyesabe kuti Chawa alipo."

M'mawa mwake benchi yawo inali yopanda munthu. Anali atapita ku Edingeni. Uthenga uja umabwerezanso munthu akaimbira nambala yake pa foni imene yaulandira, ndiye anakakhala pamphasa pakhomo pa asebele awo, mdzukulu wawo akukwawa pafupi, n'kuika foni pakati. Kanyimbo kanalira. Amake a Bestone anamvetsera atazolika, misozi ikugwera pachitenje, ndipo uthenga utatha anati achipatala anena, mawa apita naye kusikelo.

Kuyambira pamenepo foniyo ikalira, NyaHara amandisiyira tomato wawo n'kukwera galimoto. Ndinawafunsa tsiku lina ngati amawonjezerapo mawu awo akafika kumeneko. Anapukusa mutu. Anati iwo amangogwira foni, pakamwa atatseka, kuopa kuti angawononge.