Kanema wa Pamtsinje wa Likhubula

Tsikulo kunali chiperoni. Phiri silinkaoneka, mvula inkangowaza osaleka, ndipo madontho ankagogoda pang'onopang'ono pa malata a masitolo a pa Nkando. Ndimakumbukira mabelu a akabaza, makondakitala akuitanira anthu a ku Limbe, ndi chimkuzamawu cha panja pa nyumba ya vidiyo chikulavula kulira kwa mfuti. Linali Loweruka, koma ndinavala jekete la kutchalitchi. M'thumba lamkati munali chimbale cha kanema.

Ndili mnyamata ndinkanyamula katundu wa alendo okwera phiri ku Likhubula. Chaka china kunabwera mzungu wa kamera, amene anakhala nafe masiku angapo akujambula phiri, ife onyamula katundu ndi mabanja athu. Anapita, ife n'kuiwala. Ana anakula, akazi anga anadwala namwalira, ine ndinatsala pamudzi pawo pamene ndinakwatira. Kenaka mmodzi wa operekeza alendo anandibweretsera chimbalecho. Anati mzungu uja anabweranso atakalamba, ndipo anasiya mawu akuti mayi a kunyumba kwanga alimo. Pakhomo tinali ndi chithunzi chimodzi chokha cha malemu, cha pachiphaso, chimene anaoneka ngati wina wawakalipira. Adzukulu anga ankadziwa nkhope imeneyo basi.

Mwini nyumba ya vidiyo ndi mnzanga wakalekale, Msilamu, ndipo anavomera kutionetsa masana. Ndinapita ndi mwana wanga wamkazi, mwamuna wake, ndi ana awo awiri.

Tinapeza mabenchi atadzaza ana, ena osafika ndi msinkhu wa sukulu. Pa kanemapo munthu wina ankadula anzake makosi ndi lupanga, magazi ali thoo, ana akuwomba m'manja. Chikuto cha filimuyo chinali patebulo, ndipo pakona panali nambala 18 m'kabwalo kofiira. Ndinafunsa tanthauzo lake.

"Ndi zaka zimenezo, achimwene," anatero mnzangayo. "Eni ake amati wosafika pamenepo asaone."

"Nanga awa?"

"Aaa, imeneyi ndi ndewu chabe. Ine mbuzi ndimazinga iwowa akuonerera."

Asanamalize, wa lupanga uja anakumana ndi mkazi, nkhope zawo n'kuyamba kuyandikana. Mnzangayo analumpha ngati waponda moto, nakanikiza batani kuti chithunzi chithamange.

"Bwezani! Bwezani!" ana anakuwa.

"Mukabweze kwa amayi anu! Pano si pa zachibwana."

Atatenga chimbale changa anachitembenuza, nachiyandikiza kumaso. Panali nambala 12 ndi timawu ta Chingerezi. Anatsitsa mawu: "Apa akuti muli umaliseche." Mwana wanga anayang'ana pansi. Mnzangayo anatulutsa ana onse, amene anali atangoona makosi akuduka aja, ndipo adzukulu anga anawaimika pakhonde.

Poyamba panaoneka phiri ndi mitengo ya mkungudza. Kenaka ndinaoneka ine, woonda ngati bango, chikwama chachikulu chili pamutu. Mwana wanga anaseka, akuti sanadziwe kuti ndinakhalapo ndi tsitsi. Ndiye anaoneka akazi anga, atakhala pakhonde la nyumba yathu yoyamba ya udzu, akuyamwitsa. Pachifuwa pawo azungu anapakapo nkhungu, ndipo nkhunguyo inaphimbanso nkhope ya khanda.

"Umaliseche wake ndi umenewu?" anafunsa mnzangayo. "Bere la mwana? Achimwene, chiperoni chawagwera alamu pachifuwa!"

"Ndiye ineyo ndi uyo?" anatero mwana wanga. "Andifufuta nkhope chifukwa chodya!"

Tinaseka tonse, ngakhale mkamwini wanga, munthu wamanyazi. Tinaitana adzukulu kuti alowe aone agogo awo.

Atangokhala pansi, chithunzi chinasintha. Unali mtsinje wa Likhubula, madzi atafika m'maondo. Akazi anga ankawoloka ndi mtolo wa nkhuni pamutu, chitenje atachikwinyira m'mwamba kuti chisanyowe, ntchafu zili pamtunda. Apa azungu sanapake kanthu. Kwa iwo inali miyendo chabe.

Mkamwini wanga anadzambatuka. Uyu ndi munthu amene apongozi ake ali moyo ankapatuka m'njira akawaona akubwera, ndipo sanadyepo nawo pamalo amodzi. Anagunda mutu pa felemu la chitseko, natulukira pamvula. Mnzanga anayamba kuwerenga malata a kudenga. Mwana wanga anakokera ana ake pachifuwa, nawaphimba kumaso ndi chitenje.

Ndinaonerera ndekha. Pakati pa mtsinje akazi anga anaterereka pamwala, mtolo unagwa, nkhuni zinayamba kupita ndi madzi. Iwo anaima chonyowa, naseka. Kuseka kwawo kunkayambira pansi ngati chifuwa, kenaka n'kukwera mpaka kutha mpweya. Ndinali ndisanakumve chiwaikire m'manda. Anatembenukira kumbali kumene ndinaima ine, kunja kwa chithunzi, nakuwa: "Inu, mwangoima ngati chitsa! Nkhuni zikupita ku Ruo izo, mudya zaziwisi lero!" Ndipo pakona pa chithunzi panatulukira mkono wanga, iwo n'kuugwira.

Sindikudziwa zimene zinaoneka pambuyo pake. Maso anga sankaona bwino.

Chimbalecho chinali ndi mikwingwirima ndipo chinkaima m'malo ena. Patapita masiku, mwana wanga anati achitenge akachisamutsire pa memore khadi chisanawonongeke, kuti ndizionera pafoni nthawi imene ndafuna. Ndinachipereka ndi manja awiri. Atabwera nayo foniyo ndinakhala pansi pa mtengo wa mapeyala n'kuyamba kuonera. Phiri linalipo, ine ndi tsitsi langa ndinalipo, nkhungu ya pachifuwa inalipo. Itatha nkhungu panabwera minda ya tiyi. Ndinabweza, ndinabwezanso. Mtsinje panalibe.

"Nanga chimbale chija?"

"Ndinachitentha, ababa."

Ine si munthu wa mawu ambiri, ndipo malemu ankati ndikakwiya ndimapita kukalima. Ndinalima mpaka malo amene sanafunike kulima. Chakudya ankandibweretsera, ndinkadya, ndinkathokoza, koma sindinkawayang'ana kumaso. Lamulungu kutchalitchi tikafika pa mawu opempha kuti atikhululukire monga ifenso tikhululukira anzathu, pakamwa panga pankatsekeka, ndipo ndinkadikira kuti mpingo udutse pamenepo. Ndinkadzifunsa kuti: ana awa amalola adzukulu anga kuona anthu akuphedwa Loweruka lililonse, osaphethira ndi diso lomwe. Chimene aona kuti n'choyenera moto ndi mayi wawo akuseka?

Nandolo atayamba kukhwima, tsiku lina mwana wanga anabwera ndi lichero n'kukhala pafupi nane. Tinayamba kusenda. Zala zake ndi za mayi ake, zazifupi ndi zachangu.

"Ababa, mukudziwa mmene zimayendera zinthu zikalowa m'mafoni," anayamba. "Lero ili ndi inu, mawa ili ndi anyamata a pamsika. Akanaidula, n'kuikamo nyimbo zawo, n'kumatumizirana. Amayi akanafika mpaka ku Muloza ali choncho."

"Ukanandifunsa."

"Mukanakana."

"Ndikanakana, inde."

Anataya makoko pansi. "Kuchipatala kuja, inu mukatuluka kukagula zinthu, bulangete likangosuntha amayi ankanditsina. Ngakhale tsiku limene analephera kulankhula, ankaloza kumiyendo. Ndinkawafunditsa ndine. Tsiku la vidiyo lija ndinaona akuloza, ababa."

Anandiuzanso kuti wodulayo anali mnzanga uja yekha, atatulutsa anyamata ake onse, ndipo anadula akuyang'ana kumbali. Poyamba anakana, akuti chinthucho n'cha achimwene. Mwana wanga anachita kumuumiriza.

Ndinakumbukira zimene kamera sinajambule: atangowoloka tsiku lija, akazi anga anatsitsa chitenje msangamsanga, ndipo njira yonse anandinena kuti ndalola mlendo kuima pamene amayi amawolokera. Akanakhala moyo, chimbalecho akanachiswa okha ndi munsi. Zimenezi ndinazidziwa, koma kudziwako sikunabweze kuseka kuja. Mzungu anawafunditsa pachifuwa monga mwa kwawo, mwana wanga anawafunditsa kumiyendo monga mwa kwathu, ndipo onse awiri ankati akuwalemekeza. Ine ndinatsala pakati, ndili ndi phiri ndi minda ya tiyi.

Mkamwini wanga anabwera dzuwa litapendeka, nanjuta patali ndithu, chipewa chili m'manja. Pamphumi panali pakadali kachipsera ka felemu lija.

"Bambo, tinalakwa posakuuzani."

"Mutu wapola?"

"Wapola." Anakanda pansi ndi kamtengo. "Ine sindinaone kanthu, bambo, Mulungu ndi mboni. Koma ndinamva. Chimkuzamawu chija anaiwala kuzimitsa."

"Cha panja chija?"

"Chomwecho. Msika wonse unamva. Amayi ogulitsa tomato anayamba kuseka nawo osadziwa n'komwe chimene akusekera. Wina anati, ameneyo ndi mzimayi, wamuuza zoona mwamunayo. Kondakitala wina mpaka lero akamakweza anthu amakuwa kuti, mwangoima ngati chitsa, nkhuni zikupita ku Ruo izo!"

Ananena mawuwo mochepetsa mawu, akuyesa kutsanzira apongozi ake, munthu amene sanayerekezepo kuwayang'ana kumaso. Sanafanane nawo ngakhale pang'ono. Mwana wanga anayamba kuseka, lichero linapendekeka, nandolo n'kumwazika, nkhuku n'kuthamangira. Inenso ndinapezeka ndikuseka, koyamba chichokereni chimbale chija.

Foniyo ndimaonerabe. Adzukulu amakonda pamene pali nkhungu, amati amayi awo anabadwa opanda nkhope. Ndikadutsa pa Nkando mnzanga uja amandipatsa moni mwaulemu woposa kale, ndipo ana amakhala ali pamabenchi ake, malupanga akulira. Nkhani ya manambala a pa zikuto sitinagwirizanebe. Ndinamuuza kuti nambala yofiira ija mwina eni ake anaiganizira bwino, iye anati mbuzi amazingabe.

Lamulungu lotsatira ndinanena pemphero lonse, osadumpha mzere. Mtsinje uja sindidzauonanso, ndipo masiku ena zimandipwetekabe. Koma ndinawakhululukira.