Mpata mu Mzere Wachitatu

Chaka chimene tinafika ku Nairobi ndinapeza ntchito pa nyumba ina ya alendo ya mpingo ku Karen. Satifiketi yanga ya zosamalira alendo sinandikonzekeretse nyale imene inali m'chipinda chodyera. Inali yolendewera kudenga, ya timagalasi tambirimbiri tonga madontho a mvula, ndipo ankati inachokera ku France kalekale.

Kamodzi pachaka kunkabwera bambo ena achikulire kudzaitsuka. Tonse tinkangowatchula kuti a fundi, kutanthauza mmisiri pa Chiswahili. Tsiku limene anabwera chaka chimenecho, mayi wondisungira mwana ku Buruburu anadwala, choncho ndinapita naye kuntchito mwana wanga wamkazi, wongoyamba kukwawa, osauza abwana. Ndinamukhazika pachitenje kuseri kwa tebulo.

A fundi ankamasula kagalasi kamodzikamodzi, ine n'kumatsuka m'madzi ofunda pang'ono, iwo n'kumayala pabulangete pansi, m'mizere, monga mmene timagalasito tinakhalira pa nyaleyo. Anandiuza kuti amisiri akale ankauzira galasi losungunuka ndi pakamwa, likazizira n'kulisema pa gudumu ndi manja. Anagogoda kagalasi kamodzi ndi chikhadabo, kanalira ngati kabelu.

Ndikuchokera kokataya madzi ndinapeza mwana ali m'mphepete mwa bulangete, dovu lili chuchuchu, ndipo mu mzere wachitatu munali mpata. Ndinamupisa chala m'kamwa. Munalibe kanthu. Ndiulule pano: ndinakhala chete kanthawi ndithu, ndikuganizira za ntchito yanga, mwana ali m'manja. Mpaka lero zimandichititsa manyazi.

"Bambo," ndinatero, "mwanayu wameza kagalasi kanu."

Anatsika pa makwerero n'kuyang'ana pamene ndinkaloza.

"Pamenepo? Kanasowa inu musanabadwe, mayi. Ndimasiya dala malo ake kuti tinato tisasokonekere."

Sindinakhulupirire msanga. Iwo anagwada, n'kuyendetsa chala mzere uliwonse kawiri, ine ndikuona. Timagalasi tina tonse tinalipo.

"Koma kamtsikana kanuka kamadziwa kusankha," anatero. "Masupuni onsewa osawafuna, kakufuna za ku France. Mberekeni. Izi tiike patebulo."

Abwana sanamve kanthu kwa a fundi. Ndinakawauza ndekha m'mawa mwake zoti ndinabwera ndi mwana kuntchito, ndipo anangoti tsiku lina ndizinena.

Mwanayo pano ali kusukulu. Ndikamayala matebulo ndimakweza maso, ndipo pa nyale yonse yonyezimirayo ine ndimafunafuna malo opanda kanthu aja.